Amisiri Awiri Pakhonde Langa

Mwendo uli m'chikhakha, sabata yachitatu.
Ndinagwa pamakwerero ku Domwe
ndikumanga golosale ya munthu wina,
yanga nyumba kuno ku Ulongwe ikadali njerwa zamaliseche.
Tsopano ntchito yanga ndi kukhala pakhonde,
kuwerenga malole a kachewere otsikira ku Tete.

Anamzeze anafika awiri, mvula itagwa kachiwiri.
Malo sanandipemphe.
Anayendera khonde ngodya ndi ngodya
ngati oyang'anira ntchito ochokera kuboma,
nasankha pomwe ine ndinalakwitsa,
pomwe njerwa inatuluka chala chimodzi.

Dothi amakatapa kumjigo,
pachithaphwi chomwe ana amapondamo dala.
Kamlomo kamodzi. Kamlomo kena.
Alibe chingwe, alibe levulo,
sakangana za mtengo wa simenti.
Dzuwa likakwera amaleka, kuti mzere wapansi uume.
Ine zaka makumi awiri ndi zinayi ndili mmisiri,
palibe mwini nyumba anandilolapo kudikira chotero.

Nangozo anatulukira ndi tsache lalitali.
"Zindiipitsira khoma izi."
Ndinati, khoma lake liti, mayi, lomweli losapakali?
Anaseka asakufuna,
nayala katoni ya sopo pansi pa chisa.
"Mukachira muzikolopa nokha."

Jenoveva, mdzukulu wanga,
anamangirira kunsungwi kalilole wothyoka wa njinga yamoto,
nakweza pang'onopang'ono, lilime lili panja.
"Agogo, alipo anayi!
Amathothomathotho ngati nyemba za kholophethe!"

Kenaka masabata awiri a chete.
Kamutu kofiirira kokha kusuzumira m'mphepete,
kundiyang'ana, ine kukayang'ana,
tonse ogwidwa pamalo amodzi.
M'chikhakha mumayabwa. Ndimakanda ndi sipoko.

M'mawa wina, tizigoba pakatoni.
Ndipo milomo, abale, milomo!
Mwana yense ndi kamwa lokhalokha, lachikasu m'mbali.
Makolo amadula mphepo pamwamba pa chimanga,
kubwera, kuponya, kuchoka,
maulendo khumi ndi asanu ndi awiri
tiyi wanga asanazizire.
Tsiku louluka ngumbi ndinataya chiwerengero.
Ndinakumbuka Kalisito ali wakhanda,
ine ndikupalasa njinga mpaka Kalomwe kukasaka ganyu.
Lero ali ku Moatize, kumalasha.
Foni yake imalira, imalira, n'kuduka yokha.

Wamng'ono pa onse anagwa Lachinayi.
Anaphonya katoni.
Ndinali ndekha, ndodo zili kutali,
ndinakwawa ndi matako kudutsa khonde langa lomwe,
koma nyerere zinali zitafika kale.
Makolo sanatsike.
Anapitiriza ndi atatuwo mpaka mdima,
ndipo ndinawakwiyira usiku wonse
ngati kuti ine ndikadadziwa chochita china.
Jenoveva anamuika m'bokosi la choko
kuseri kwa khola la nkhumba.

Tsiku lokadula chikhakha kuchipatala
ndinabwerako ndi mwendo woonda, wotuwa, wosakhala wanga.
Ndinawapeza atatu pawaya woyanikira zovala,
michira yaifupi, akugwedezeka ngati oledzera.
Mmodzi analumpha, natsika, natsika,
nakumbukira mapiko atatsala pang'ono kugunda mtondo.
Ine ndinasiya ndodo imodzi
n'kuyenda mapazi asanu kukafika pachitseko.
Palibe anaombera mnzake m'manja.

Masiku angapo ankabwerabe kudzagona.
Kenaka ayi.

Matumba awiri a simenti aja anauma m'chipinda,
asanduka miyala, timakhalira.
Ndagula ena pangongole kwa Bernado.
Dzulo ndayamba kupaka khoma lakukhonde,
ndipo nditafika pangodya ija
Nangozo anaima kumbuyo kwanga, manja m'chiuno.
"Pamenepo mulambalale," anatero.
"Njerwa yokhotayo muisiye."